Kapu Yachiwiri Yatopa Kudikira

M'chipinda cha olemba masewero munali lamulo limodzi limene aliyense ankaliopa. Lachiwiri lililonse m'mawa, zimene walemba zinkawerengedwa mokweza, mwini wake ali duu ngati mlendo. Mbali ya mnyamata wofunsira ankawerenga okha a Chofiira, mkulu wa olemba onse, bambo wa imvi mbuu amene mano awiri akutsogolo anatsanzikana nawo kalekale. Ankati mawu achikondi akapulumuka m'kamwa mwawo, ndiye kuti apulumuka kulikonse. Dzinalo analitengera ku cholembera chawo chofiira. Laputopu sankaikhudza. Achinyamata ankataipa n'kupulinta, kenako pepala linkabwerera kwa mwini wake litafiira ngati lavulala.

Wamng'ono pa onse anali Kapensulo, mtsikana amene ankatsomeka pensulo m'tsitsi n'kumaifunafuna tsiku lonse. M'mawa umenewu mtima wake unali m'mwamba, ndipo chifukwa chake sichinali ntchito yokha.

Miyezi isanu ndi itatu tsopano anali pachibwenzi ndi mwana wa a Chofiira, makaniko wa pagalaja ya kuseri kwa msika, bambowo osadziwa kanthu. Akanawauza ndani? Kunyumba kwawo a Chofiira analengeza kale, tiyi ali m'manja, kuti mwana wawo akhoza kukwatira namwino, wogulitsa tomato, ngakhale wapolisi, koma wolemba ayi. Chifukwa chake sananene, ndipo panalibe amene analimba mtima kufunsa.

Sewero la pa TV limene ankalemba linali la wokonza njinga amene anakonda mphunzitsi. M'gawo lakhumi ndi chinayi mnyamatayo ankayenera kutulutsa zakukhosi. Kapensulo analemba malo amenewa katatu, ndipo katatu konse pepala linabwerera ndi mawu omwewo ofiira: "Munthu salankhula chonchi." Ulendo wachinayi mutu unaima. Anatsegula foni, n'kupeza uthenga umene Makaniko anamufunsira nawo, n'kuukopera wonse osasintha ngakhale liwu limodzi. Ankadziwa kuti akusewera ndi moto, koma uthengawo unali wokoma kuposa chilichonse chimene iye analembapo.

A Chofiira anakonza magalasi, naika dzanja pachifuwa monga mwa chizolowezi chawo, nayamba ndi mawu awo onyogodola aja.

"Sindikukulonjeza nyumba yosanja. Ndili ndi mpando umodzi ndi makapu awiri, ndipo kapu yachiwiriyo yatopa kudikira."

Anaima pomwepo. Dzanja linachoka pachifuwa. Anavula magalasi, natembenuza pepala chafufumimba patebulo, napitiriza osayang'anapo, mawu atatsika ngati akulankhula ndi munthu amene sali m'chipindamo.

"Ndikamva choseketsa panjira, ndimachisunga m'kamwa tsiku lonse osauza munthu, kuti ndidzayambe kuuza iwe. Ngati chimenechi si chikondi, ndiye kuti ndikudwala, undiperekeze kuchipatala."

  Mawu a m'foni ya Kapensulo, amene sanaonetsepo munthu mpaka tsiku limenelo, anali kutuluka m'mutu mwa munthu wokalamba.

"Patsala mzere umodzi, madala," wina ananong'ona.

A Chofiira anadabwa. Anatembenuza pepala, navalanso magalasi, nawerenga pang'onopang'ono ngati munthu woponda malo achilendo. "Ndipo ukandikana, mabuleki ako ndizikukonzerabe, kuti uzifika bwino ngakhale kumene ukupitako si kwa ine."

Woyamba kutsegula pakamwa anali Ndolo, mtsikana wolemba amene anakhala m'chipindamo zaka zisanu. Ameneyu ankakonda kupititsa mapepala kunyumba kwa a Chofiira n'kukhalitsa kukhitchini akucheza ndi akazi awo, ndipo aliyense ankadziwa kuti si mapepala ankamupititsa kumeneko, koma mwana wawo uja.

"Pepani madala," anatero, ndolo zake zazikulu zikugwedera, "koma ngati inu mukuwadziwa pamtima, ndiye kuti ndi akuba. Anthu ena amakopera masewero akale a pawailesi n'kumayesa enafe ndife ana."

"Si a pawailesi," a Chofiira anayankha osamuyang'ana. "Tikapume kaye. Iwe Kapensulo, undipeze mu ofesi ikakwana folo koloko."

Pakhonde, Ndolo anamupeza akulimbana ndi zipi ya chikwama.

"Mabuleki, eti?" anatero akumwetulira ndi mano okha. "Ndiye makaniko uja wafika pokulembera iweyo? Usadzimve shuga, sisi. Mawu amene mpaka bambo ake akuwadziwa pamtima, ukuganiza kuti atumizidwa kwa atsikana angati?"

Anapinda pepala lake la sewero kanayi, naliponya m'chikwama, nachoka zidendene zikulira.

* * *

Kanjinga kamoto ka Kapensulo sikanathamangepo ngati tsiku limenelo. Pagalaja anapeza miyendo iwiri yokha itatulukira kunsi kwa minibasi. Anamenya nsapato imodzi ndi phazi.

"Tuluka."

Makaniko anatuluka chagada, sipanala m'manja, kumaso kuli oyilo. Ataona nkhope ya Kapensulo, kumwetulira kunathawa.

"Wagwa panjinga?"

"Uthenga uja unandifunsira nawo. Wa makapu awiri. Unautumiza kwa angati?"

"Kwa angati bwanji? Kwa iwe basi."

"Nanga bambo ako akuudziwa bwanji pamtima?"

Sipanala inagwa pansi. Makaniko anakhala tsonga, nayang'ana kumanzere ndi kumanja ngati pali khomo lothawira.

"Bambo awerenga foni yako?"

"Ndinauika m'sewero." Kapensulo ananena msangamsanga kuti mlandu wake udutse mwachangu. "Zimenezo tikambirana pambuyo. Yankha funso langa."

"Unauika m'se... Iwe! Uthenga wanga pa TV?"

"Wako? Ndi wakodi?"

Apa Makaniko anagwa nkhope. Anapukuta manja ndi kansanza, napukutanso, ngakhale kansanzako kanali kakuda kuposa manjawo. Kenako anaulula. Ankafuna satifiketi yake ya kusukulu pamwamba pa wadiropu ya makolo ake, ndipo anapeza chitini chakale cha mabisiketi. Pansi pa mapepala ena panali kalata yofwifwa, zolemba za bambo ake, yoyamba ndi "Wokondedwa wanga".

"Ndi imene analembera amayi asanakwatirane," anatero. "Nditawerenga ndinati, munthu uyu wanena zonse zimene zili mumtima mwanga. Ndinangoijambula ndi foni. Iwe ndiwe wolemba, ine ndimamanga mabawuti. Masabata awiri ndinayesa kulemba zanga, osatheka."

"Ndionetse zimene unayesazo."

"Ayi, zimenezo ayi."

"Bweretsa foni."

Anapereka ngati munthu wopereka dzino kwa dokotala. Kapensulo anawerenga mokweza, monga mwa lamulo la Lachiwiri. "Ndiwe ngati oyilo watsopano mu injini yanga." Anapitiriza. "Chiyambireni kukuona, batire la mtima wanga silinathepo moto." Pofika pa yachitatu, imene inkatchula za tayala lapadera, analephera kudzigwira. Anakhala pa tayala lakutha n'kuseka mpaka misozi, pensulo n'kugwa m'tsitsi.

Sikunali kuseka kokha. Njira yonse ankaona m'maganizo mzere wa atsikana, aliyense ali ndi kapu yake yachiwiri, Ndolo ali kutsogolo. Tsopano mzere wonsewo unasungunuka, n'kutsala mnyamata mmodzi wamanyazi amene anaba mawu kwa bambo ake chifukwa choopa kusekedwa. Mtima unatsika n'kukhala m'malo mwake. Anamukonda kwambiri nthawi imeneyo kuposa tsiku limene uthengawo unafika.

"Nanga za mabuleki?" anafunsa akupukuta m'maso.

"Zimenezo ndinawonjezera ndekha. Ndinaona kuti kalatayo yathera m'malere. Ndinaiwononga, eti?"

"Pamenepo ndi pamene ndinalira, chitsiru iwe."

Makaniko anamwetulira mpaka makutu, koma posachedwa anakumbukira. "Ndiye kuti bambo adziwa."

"Akundifuna folo koloko."

"Tipitira limodzi."

"Ayi. Ku ofesi ndine wantchito wawo, si chibwenzi chako. Ndinaba ndine, ndikavomera ndekha."

"Tinaba tonse."

"Iwe unaba kamodzi. Ine ndinabera wakuba." Anatola pensulo yake, naibwezera m'tsitsi. "Foni ikhale pafupi."

* * *

Ofesi ya a Chofiira inali kachipinda kodzaza mafayilo mpaka kudenga. Pawindo panali taipi yakale yolembera makalata imene ankaigwiritsa ntchito yopsinjira mapepala kuti asauluke. Kapensulo analowa ataloweza mawu opepesera, okonzedwa bwino ngati a m'sewero, koma atangoona pepala lake patebulo, onse anabalalika.

"Khala pansi," a Chofiira anatero. "Wayamba liti?"

"Kulemba, bambo?"

"Usandipusitse. Ndi mwana wanga."

"Miyezi isanu ndi itatu."

"Isanu ndi itatu!" Anagwedeza mutu. "Ine ndimadzitama kuti ndimaona chinsinsi cha m'sewero chisanafike gawo lachiwiri. Cha m'nyumba mwanga chandidutsa pansi pa mphuno. Ndinadabwa kale kuti mwana wa mtauni ngati iwe wadziwira kuti mayina a zitsulo zonse za njinga. Koma lero, nditangofika pa mabuleki, ndinamva mawu ake enieni. Mnyamata ameneyo ngakhale pamaliro akhoza kupepesa anamfedwa ndi nkhani ya mabuleki."

"Pepani, bambo. Ndinalakwa kuika uthengawo m'sewero. Ndinalakwanso kukubisirani. Ngati ntchito yatha, ndimva. Koma iyeyo..." Anadzutsa mutu. "Iyeyo sindingathe kumusiya."

A Chofiira anazunguza cholembera chofiira chija pakati pa zala.

"Ukudziwa chifukwa chimene ndinakanira wolemba m'nyumba mwanga?"

"Ayi, bambo."

"Chifukwa ndimadzidziwa. Chaka chachitatu cha ukwati wathu tinakangana ndi mayi akewo, ndipo anandiuza mawu atatu anayi oluma kwambiri. M'malo momva kuwawa, ine mumtima ndinkati, mawu okoma bwanji awa. Patatha masabata awiri anawamva pawailesi, akulankhula mkazi wina, anansi onse akuseka. Mwezi wathunthu sanandilankhule. Wolemba ndi wakuba, mwana wanga. Amabera amene amawakonda, chifukwa ndiwo ali pafupi. Sindinafune kuti mwana wanga azikhala ndi munthu ngati ine."

Kapensulo anawerama. Panalibe chokana, umboni unali patebulopo.

"Koma masana onsewa ndakhala ndikuganiza," anapitiriza. "Mwanayo wakula ndi wakuba m'nyumba, ndipo taona, nayenso watengera. Ndiye ndikumuteteza kwa ndani?" Phewa lawo linayamba kugwedera, kenako anaseka chikhakhali, mpata wa mano uja uli poyera. "Ine ndinalemba, iye anandibera, iwe unamubera, kenako wandipatsa ine ndemwe kuti ndiwerenge! Zaka makumi anayi ndili pantchito imeneyi, sindinalembepo zoseketsa chonchi."

Kapensulo anayesa kuseka nawo, koma kunabwera misozi.

"Usalire, unyowetsa mafayilo. Tamvera. Katatu ndakubwezera pepala, katatu wabweranso osadandaula. Ena ndikawafiiritsira mzere umodzi amatupa sabata yonse. Ndipo taona apa." Anakokera pepala pafupi, nadula ndi cholembera mizere yonse ya makapu, ya choseketsa, ya chipatala. Anasiya wa mabuleki wokha. "Yangayi ndi ya mnyamata amene akudzimvera kukoma kwa mawu ake. Uwu wokha ndi wa munthu amene akukonda. Wolemba wina akanauchotsa kuti ndi wonunkha galaja. Iwe unausiya. Gawo lonse ulimange pa mzere umenewu, ndipo umupemphe kaye mwini wake."

"Ndimupempha, bambo."

"Lamlungu ubwere kunyumba. Ndikawakonzekeretsa mayi ake pang'onopang'ono. Ubwere wopanda pensulo."

Kapensulo anamva ngati wina wamutula mtolo umene anausenza miyezi isanu ndi itatu. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, nathokoza. Anaimirira, nawerama, nayamba kulowera kukhomo.

"Dikira. Tseka chitsekocho."

Anatseka. A Chofiira sankasekanso.

"Mapepala onse a lero uwatolere, uwang'ambe. Mu laputopu ufufute. Mizere ndadulayi isamveke kwina kulikonse."

"Chifukwa ndi ya amayi?"

"Chifukwa si ya amayi." Anavula magalasi, natikita m'maso. "Kalatayo ndinalembera mtsikana wina ndisanakumane ndi mayi akewo. Anandibwezera ndi envulopu yake yomwe. Mkazi wangayu anaipeza titangokwatirana, ndipo ndinawalumbirira kuti ndaitentha. Sindinaitenthe. Si kuti ndinkamufunabe mtsikanayo, nkhope yake yomwe ndinaiwala. Ndinangoona kuti inalembedwa bwino." Anapumira m'mwamba. "Waona matenda athu? Zimenezi zikhale pakati pa iwe ndi ine. Mnyamata uja asadziwe, amawakonda kwambiri mayi ake."

"Ndamva, bambo."

* * *

Kapensulo anatolera mapepala m'chipinda cha olemba. Anayenera kukhala asanu ndi limodzi, koma anapeza asanu. Anayang'ana pansi pa tebulo ndi m'bini, osalipeza lotsalalo. Chimwemwe chinali chitamuledzeretsa, moti anangoti mwina wina wakulungira chakudya. Anang'amba asanuwo, natulutsa foni.

"Akuti Lamlungu," analembera Makaniko.

Yankho linabwera asanatsitse dzanja. "Lamlungu chani? Akuchotsa ntchito Lamlungu?"

"Akuti ndibwere kwanu."

"Bambo anga? Amene ndimawadziwa ine?"

"Omwewo. Aseka mpaka kutsokomola."

"Usasunthe. Ndikubwera."

Anafika wapansi, akuthamanga, ovolosi atangoivula mikono n'kuimanga m'chiuno. Pageti, pamaso pa mlonda, anamunyamula Kapensulo n'kuzungulira naye kawiri, bulawuzi yake yoyera n'kudindidwa zala khumi zakuda. Kapensulo sanadandaule. Miyezi yonseyi ankakumana kuseri kwa zipupa ngati anthu ogulitsana katundu wakuba, ndipo lero dzuwa linali likadalipo, anthu akudutsa, iwo atagwirana manja.

"Ndiye anati chani kwenikweni? Undiuze zonse, usadumphe."

"Anati mzere wako wa mabuleki waposa kalata yawo yonse."

"Ukunama."

"Adula yawo yonse ndi chofiira. Wako wokha watsala. Ndipo andituma ndikupemphe: ndingauike pa TV?"

Makaniko anakweza chifuwa, nayang'ana kumwamba ngati munthu wofunika. "Ndiganizira. Olembafe sitipereka mawu athu chisawawa."

"Olembafe! Batire la mtima wanga?"

"Zimenezo unalonjeza kuti suzitchulanso."

"Sindinalonjeze kanthu."

Anali akusekabe, Makaniko atakwera kale pakanjinga kuti ayendetse ndiye, pamene foni yake inalira. Anayang'ana, nasekerera. "Amayi. Mwina bambo awauza kale." Anatsegula sipika kuti onse amve. "Amayi, muli bwanji?"

"Ndili bwino, mwana wanga." Mawuwo anali ofatsa kwambiri, kufatsa kumene kumachititsa munthu kuima chilili. "Mnzanu wa ndolo uja anali kuno. Wandibweretsera pepala, akuti ndione zimene umalembera mtsikana wina wa kuntchito kwa bambo ako, iye n'kumaziika m'masewero."

Kapensulo anakumbukira pepala lopindidwa kanayi lija.

"Amayi, ndikufotokozerani," Makaniko anatero, akumutsinzinira Kapensulo diso. "Mawuwo mwawazindikira, eti? Ndinawatenga m'kalata yanu ija, ya m'chitini cha mabisiketi."

 Kapensulo anamugwira mkono mwamphamvu, koma mawu anali atatuluka kale.

"M'chitini cha mabisiketi," amayi anabwereza pang'onopang'ono. "Pamwamba pa wadiropu yanga. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikupukuta fumbi pa chitini chimenecho." Anapuma. "Mawu amenewa ndinawawerengapo kamodzi, ndipo bambo ako anandilumbirira kuti anawatentha. Mtsikanayo ali pomwepo?"

"Ali pano, amayi."

"Ubwere naye lero lomwe. Ndikufuna ndimuone amene amati auze dziko lonse mawu amenewa. Uwauzenso bambo ako asachedwe, tiyi wawo ndaika kale. Makapu ndatulutsa okwanira, palibe imene idikire."

Foni inaduka. Makaniko anatembenuka, chimwemwe chikuzima pankhope pake.

"Kutentha? Bambo angatenthe bwanji kalata ya amayi?" Anamuyang'anitsitsa. "Iwe, pali chimene bambo akuuza?"

 Kapensulo anayang'ana kuwindo la ofesi, kumene mutu wa imvi unali utawerama pamapepala mwamtendere, osadziwa kanthu. Anachotsa pensulo m'tsitsi, naiika m'chikwama monga a Chofiira anamuuzira, nakwera kumbuyo kwa Makaniko. Mabuleki anali okonzedwa bwino kwambiri. Panalibe chowaletsa kufika.